Manfred Asaka Waya

1. Pakamwa Patsogola

Manfred sankatha kukhala pansi. Ku Ndirande, komwe anabadwira, ankamudziwa ndi mapazi. M'mawa ali pamsika. Masana ali kumagalaja. Madzulo amayi ake akufunsa anthu ngati amuona.

Atafika ku Dublin, khalidwelo silinasinthe. Iye ndi amayi ake, a Ethel, ankakhala ku Ballymun, m'nyumba ya m'mwamba. Amayiwo ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Manfred anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Akaweruka kusukulu ankangoyenda. Mvula, mphepo, analibe nazo ntchito.

Loweruka lina akudutsa pa holo ya achinyamata anamva phokoso la ana. Anasuzumira. Mkati munali matebulo aatali. Anyamata ndi atsikana amsinkhu wake anali atawerama, aliyense ndi kabokosi kake. Mayi wina wa imvi, wovala epuloni yothimbirira ndi utoto, anamukodola.

"Lowa. Ndine Ellen. Pano timaphunzira ntchito zamanja. Sitilipiritsa."

Anamupatsa kabokosi. Mkati munali tizidutswa ta ndege yapulasitiki, guluu ndi pepala la malangizo. Kachidutswa kalikonse kanali ndi nambala yake. Manfred anamata. Ndege inatha anzake asanafike pamapiko.

Loweruka lotsatira anamupatsa sitima. Linalo, galimoto. Zonse za m'bokosi.

"Watha kale?" anafunsa mayi Ellen.

"Ndatha. Koma uku si kupanga ayi. Uku n'kumata."

Pakona panali mnyamata wamtali, dzina lake Spencer. Ndiye anali katswiri pamenepo. Ndege zake zinali zitapachikidwa kudenga. Anaika guluu pansi.

"Ndiye kupanga n'kutani?"

"Kwathu galimoto timayamba ndi waya basi. Bokosi palibe. Pepala palibe. Guluu palibe. Ndipo imayenda, imakhota."

"Ili ndi batire?"

"Ilibe."

"Ndiye imakhota ndi chiyani? Ndi pemphero?"

Onse anaseka. Manfred anaimirira.

"Ndibweretsa minibasi. Ya chiwongolero. Ya chitseko chotseguka. Kondakitala adzakhalamonso."

Mayi Ellen anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Kumapeto kwa mwezi uno kuli chionetsero. Makolo adzabwera. Ndikhoza kukusungira tebulo lakolako, pafupi ndi khomo. Ndilembepo dzina lako?"

"Lembanipo."

"Musadandaule, mayi Ellen," anatero Spencer. "Likadzakhala lopanda kanthu tidzaikapo makapu a tiyi."

Manfred anatuluka chifuwa chili patsogolo. Atafika pamsewu m'pamene anakumbukira. Analibe waya ngakhale wotalika ngati chala.

2. Mzinda Wosesedwa

Ku Ndirande waya sasaka. Ali kuseri kwa galaja iliyonse. Ali m'matilesi akutha. Ukawotcha tayala lakale, phulusa likazizira, waya wopyapyala womangira uli pomwepo. Malegeni umadula ku chubu chophulika cha njinga. Matayala umasema ku mapatapata oduka.

Manfred ankayesa kuti ndi mmene zilili dziko lonse.

Anayenda Ballymun yonse maso ali pansi. Anapeza zitini, mapepala a tchipisi ndi gulovu imodzi. Waya ayi. Mabini anali ovindikira. Magalaja anali otseka ndi zitseko zachitsulo.

Anakwera basi kupita pakati pa mzinda. Kumeneko anapeza sitolo yogulitsa zipangizo za ntchito zamanja. Inali yokongola. Ulusi wolukira mitundu yonse. Mikanda m'mabotolo. Utoto mpaka kudenga.

"Ndikufuna waya," anauza mtsikana wogulitsa.

Mtsikanayo anabweretsa kampukutu konyezimira ngati golide. Manfred anakapinda ndi zala ziwiri. Kanapindika ngati ulusi.

"Ameneyu ndi wa chiyani?"

"Wa ndolo ndi mikanda ya m'khosi."

"Wa galimoto mulibe?"

Mtsikanayo anaphethira. "Wa galimoto?"

Manfred anathokoza n'kutuluka.

Kusitolo ya zomangira nyumba waya analipo, wokhuthala bwino. Koma unali mpukutu waukulu ngati tayala la lole. Bambo wogulitsa anapukusa mutu. "Sitidula. Ukagula, ugule wonse." Manfred anaona mtengo wake. Anabwerera cham'mbuyo mpaka pakhomo.

Kunyumba anatsegula kabati ya zovala. Mahang'ala onse apulasitiki.

"Iwe, ukufuna chiyani m'zovala zanga?" anafunsa amayi ake.

"Palibe, amayi."

"Palibe amasaka ndi manja awiri?"

Masiku anali kupita. Dzina lake linali litamatidwa kale patebulo.

Kusukulu Manfred anali ndi mnzake, Mwaba, wochokera ku Lusaka. Ankamvana chifukwa chinenero chawo chinali chimodzi, ngakhale aliyense ankati mnzakeyo ndiye amachipotoza.

"Iwe boyi, uoneka monga wadwala," anatero Mwaba pa nthawi yopuma. "Ni chani?"

Manfred anafotokoza zonse.

"Waya chabe? Ndiye chikuvuta? Tiye nikuonetse."

Ataweruka anayenda wapansi mpaka ku Santry, kumene kuli nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu. Ndege zinkadutsa pamwamba, zotsika kwambiri. Mwaba anamutengera kuseri kwa nyumba ina. Eni ake anali atamanga mpanda watsopano. Wakalewo anali atauzula. Waya wake, wobiriwira, anali atamukulunga n'kumusiya pansi, pambali pa chibini chachikulu chachitsulo, mkati mwa mpanda watsopanowo.

Manfred anameza malovu. Anali waya weniweni. Wosafewa, wosauma kwambiri.

"Waona?" anatero Mwaba. "Banataya. Ulibe mwine wake. Pansi apa pali mpata, munthu angapite. Tifuna pulayala chabe."

"Pulayala ali nayo malume."

"Basi. Yasila nkhani."

3. Mawu a Malume

A Gervazio, mlongo wawo wa a Ethel, ankakhala ku Balbriggan. Anali atakhalitsa m'dziko la Ireland. Lamulungu, Misa itatha, Manfred anakwera sitima kupita kumeneko. Anawapeza pakhonde akukonza mpando.

"Malume, ndibwerekeni pulayala."

"Moni watsala m'sitima?"

"Pepani. Mwaswera bwanji, malume?"

"Ndaswera. Pulayala ya chiyani?"

Manfred sanabise. Ananena za Spencer, za tebulo, za waya wa ku Santry ndi za mpata wa pansi pa mpanda. Ankalankhula ataimirira, mwendo wina uli kale panjira.

A Gervazio anaika hamala pansi.

"Khala apa, mphwanga. Miyendo imeneyo ipumeko.

"Inenso ndinakulira mu Ndirande momwemo. Ndikudziwa zimene zili m'mutu mwako. Kwathu chinthu chikafika kudzala, umwini watha. Woyamba kuchiona ndiye mwini wake. Botolo, chitini, waya, palibe amene angakufunse. Amakuyamikiranso kuti mwana uyu ndi wochangamuka. Limenelo ndi lamulo la kwathu, ndipo si loipa. Linatiphunzitsa kusataya kanthu.

"Koma usalitenge n'kubwera nalo kuno. Kuno ngakhale zinyalala zili ndi mwini wake. Chimene chili mkati mwa mpanda ndi cha mwini mpandayo, kaya chawola, kaya chachita dzimbiri. Ukaona mpando panja pa nyumba ya munthu, si wako mpaka mwiniwake atanena ndi pakamwa pake. Ndaona ine azibambo a ndevu zawo akufotokoza kupolisi kuti ankayesa n'zotaya. Wapolisi wa kuno sadziwa Ndirande. Iye amangolemba. Ndipo zimene walemba zimakhala.

"Chachiwiri. Amayi ako anapempha boma kuti inu awiri mukhazikike m'dziko muno. Yankho silinabwere. Mlongo wangayo amakhalira kusambitsa makolo a eni, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, msana ukuwawa, kuti dzina lake likhale loyera. Iwe ukalidetse chifukwa cha waya? Tsiku lina akadzamufunsa kuti, 'Mwana wanu anagwidwa akukwawa pansi pa mpanda wa eni, chida chili m'manja,' adzayankha kuti chiyani? Kuti ankapanga kagalimoto?

"Chachitatu. Mnzako Mwabayo ndimamudziwa. Si mwana woipa. Koma banja lawo mapepala ake anatuluka kalekale. Iye akagwidwa amukalipira, abwerera kwawo, adya, agona. Mukuwoloka mtsinje umodzi, koma mnzakoyo amatha kusambira. Iwe ayi.

"Kuno njira ndi imodzi: pakhomo. Umagogoda. Umafunsa. Akakana, akana, sunafe. Safunsa anadya phula."

Manfred anakanda m'mutu. "Malume, ndikapemphe zinyalala? Akandiseka."

"Akuseke. Kusekedwa salemba m'buku la polisi."

Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi pulayala ya zogwirira zofiira.

"Tenga. Mwana wa mlongo wanga sindingamumane chida. Koma pobweza udzandiuze chimene yadula, ukundiyang'ana m'maso."

4. Pageti

Mawa lake, ataweruka kusukulu, anyamata awiriwo anafikanso kuseri kwa nyumba ija ya ku Santry. Kunali kamvula kowaza. Panalibe munthu.

Mwaba anagwada. Anakweza m'munsi mwa mpanda.

"Ngena. Ine niyang'ana bantu."

Manfred anatulutsa pulayala. Anawerama. Waya uja anali pafupi kwambiri. Madontho a mvula ankanyezimira pamenepo. Wokwana minibasi zisanu.

Anaweramuka. Anabweza pulayala m'thumba.

"Uyenda kuti?" anafunsa Mwaba.

"Kugeti."

"Kugeti? Wapenga? Kuja kuli mlonda!"

"Ndi amene ndikumufuna."

Anazungulira mpanda wonse. Mwaba anatsalira patali, atabisala kuseri kwa mtengo. Pageti panali kanyumba ka magalasi. Mkatimo munali bambo wonenepa, wa jekete yachikasu, akudya buledi. Manfred anagogoda pawindo.

"Ndikuthandize chiyani, mnyamata?"

"Dzina langa ndine Manfred. Ndimaphunzira ntchito zamanja kuholo ya achinyamata ku Ballymun. Loweruka lomaliza la mwezi uno kuli chionetsero. Ndikupempha waya amene mwataya kuseri uko. Pang'ono chabe."

"Ukatani naye?"

"Ndipange minibasi."

Mlondayo analeka kutafuna. Kenaka anaseka mpaka kutsamwa. Manfred anaima chilili.

"Pepa, mnyamata," anatero bamboyo akupukuta misozi. "Sindikuseka iwe. Pano anthu amafunsa njira ya kubwalo la ndege basi. Wa minibasi ndiwe woyamba. Koma sindingathe kukupatsa. Waya ameneyo sitinataye. Anamugulitsa kale kwa ogula zitsulo zakale, angochedwa kudzatenga. Ndikadulako, ntchito yanga yatha."

"Chabwino. Zikomo."

Manfred anatembenuka. Atayenda pang'ono, windo linatsegukanso.

"Iwe wa minibasi! Kwanu ku Ballymun konko kuli malo okonzera njinga zakale, kuseri kwa masitolo. Kafunse kumeneko. Mawilo opindika amangowaunjika."

Mwaba anatulukira kuseri kwa mtengo, manja ali m'chiuno.

"Wapempha. Bakuseka. Bakukana. Manje tili na chani? Manja chabe!"

"Tili ndi njira ina."

"Imwe Amalawi, ulemu uzakupayani."

"Inu a ku Zambia, liwiro lidzakugwetsani."

Anabwerera akukangana njira yonse, mvula ikuwanyowetsa onse mofanana.

5. Masipoko

Malo okonzera njinga anali m'chishedi chachitali, chonunkha girizi. Njinga zinali zitapachikidwa m'makoma. Woyang'anira anali mayi wamfupi wa ovololo, dzina lake Daphne. Anamvetsera pempho la Manfred akupukuta manja pansanza.

"Mawilo alipo. Machubu alipo. Koma pano chaulere palibe. Wofuna kanthu amagwira ntchito. Umatha kumasula wilo?"

"Ndiphunzira."

Anamupatsa kasipanala kakang'ono n'kumulozera mulu wa mawilo opindika. Ntchito inali yomasula masipoko, kupatula zitsulo, kuika chilichonse m'bokosi lake. Manfred anabwera madzulo amenewo. Anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake. Zikhadabo zinada. Yunifolomu ya sukulu inadontheredwa girizi, amayi ake nakalipa.

Pamapeto pake mayi Daphne anamupatsa thumba. Munali masipoko odzaza manja awiri, machubu ophulika ndi zingwe zakale za mabuleki.

"Izi ndi zako. Wazigwirira ntchito."

Manfred anayala zonse pansi m'chipinda chake. Apa m'pamene anaona vuto. Sipoko si waya wa ku Ndirande. Ndi lalifupi. Ndi louma. Loyamba analipinda mwachangu, linathyoka. Lachiwiri linathyoka n'kumucheka chala. Lachitatu linafwamphuka, kukagunda windo.

"Manfred! Ukuswa chiyani mmenemo?"

"Palibe, amayi!"

"Palibe wakoyo tsiku lina adzatigwetsera nyumba!"

Anayamba kupinda pang'onopang'ono. Kupinda, kupuma, kupindanso. Sipoko linamvera. Anamasula chingwe cha mabuleki napeza timawaya topyapyala mkati mwake. Timeneto anamangira polumikiza. Chubu anachidula malegeni n'kukulunga pamwamba kuti pagwire.

Anayamba ndi chimango cha pansi. Kenaka nthiti za m'mbali. Kenaka denga. Mapatapata oduka ku Dublin kunalibe, choncho matayala anapanga ndi zivindikiro za mabotolo a jamu, nazikulunga ndi chubu. Chitseko anachikoloweka pa sipoko lowongoka kuti chizitsetsereka. Kondakitala anamuluka ndi timawaya tija. Anamuveka kapu ya chitsekerero cha botolo. Dzanja limodzi logwira denga, linalo lokodola anthu.

Chinatsala chiwongolero. Minibasi yamawaya amayendetsa munthu ataimirira. Pamafunika waya mmodzi wautali, wochokera kumatayala akutsogolo kufika m'chiuno mwa woyendetsa. Manfred analumikiza masipoko angapo. Akapotoza kumwamba, pansi sipankamva. Ankangogwedera polumikiza.

Lachinayi Mwaba anabwera kudzaona. Anaizungulira minibasi ija, akuimba mluzu.

"Boyi, iyi ni yeniyeni! Na kondakitala ali na nkhope ya ndeu."

"Koma sikukhota. Ndilibe waya wautali. Chionetsero ndi mkuja."

"Uja wa ku Santry ndiye wautali."

"Usiye, Mwaba."

"Nasiya, nasiya. Nakamba chabe."

Lachisanu Manfred anathamangiranso kwa mayi Daphne. Anapempha kuti afufuze m'bokosi la zitsulo zosafunika. Pansi penipeni anapeza ndodo ya gofu yothyoka mutu. Yaitali, yopyapyala, yolimba.

"Iyi ndingatenge?"

"Sesa pansi apa, ndi yako."

Anasesa. Kunyumba anamangirira ndodoyo kumatayala akutsogolo. Kumwamba kwake anaikako chiwongolero chozungulira cha masipoko. Anapotoza kumanja. Matayala anamvera. Anapotoza kumanzere. Anamveranso.

Anadumpha mpaka a m'nyumba ya pansi anagogoda denga lawo ndi tsache. M'chisangalalo chimenecho, sanamuuze Mwaba kuti vuto latha.

6. Limbe! Limbe!

Loweruka holo inadzaza. Makolo, agogo, ana m'tingolo. Ndege za Spencer zinali pakati, zowala. Tebulo la pafupi ndi khomo linali lopanda kanthu. Panali dzina lokha.

Spencer anafika ndi kapu ya tiyi. Anaiika patebulopo mwaulemu.

"Ndayamba kale," anatero.

Mayi Ellen anayang'ana kukhomo. A Ethel anali atafika kuchokera kuntchito, akadali mu yunifolomu. A Gervazio anali pambali pawo, atavala suti ya ku tchalitchi.

"Mwana wanu ali kuti?" anafunsa mayi Ellen.

"Anati titsogole," anayankha a Ethel. "Ameneyo kuti mumudziwe komwe ali, muzifunsa mphepo."

Nthawi yomweyo panja panamveka mawu.

"Limbe! Limbe! Wotsala mmodzi! Limbe!"

Chitseko chinatseguka. Minibasi inalowa yokha patsogolo, matayala akulira pasimenti. Pambuyo pake Manfred, chiwongolero chili m'manja, msana uli chilili. Anakhota kumanja, kuzemba kangolo ka mwana. Anakhota kumanzere, kudutsa pakati pa miyendo ya tebulo. Kondakitala ankagwedezeka pakhomo, dzanja lili m'mwamba.

Kenaka mwana wina anakuwa. Ena anathamangira. Mafoni anatuluka m'matumba.

"Adalaivala!" anafuula a Gervazio. "Ndisiyeni pa Chinseu!"

Manfred anaimika minibasi pamapazi pawo. Anawerama, natsetsereza chitseko ndi chala chimodzi. Chinatseguka.

A Ethel anaiwala kuti ali kwa eni. Anaimba nthungululu yaitali, ya ku Ndirande. Azimayi a ku Ireland anadzidzimuka. Kenaka anaomba m'manja. Gogo wina anayesa kutsanzira, mawu nam'thera panjira.

Spencer anagwada. Anasuzumira pansi pa minibasi. Anaitembenuza. Anagwedeza matayala.

"Batire lili pati?"

"Ndinakuuza."

"Guluu?"

"Fufuza."

Spencer anafufuza polumikiza paliponse. Anaimirira, nkhope itafiira.

"Ndiyendetseko."

"Laisensi uli nayo?"

"Bweretsa kuno, iwe."

Anagwira chiwongolero. Anakankha. Anapotoza mochedwa, minibasi n'kugunda mwendo wa tebulo. Kapu ya tiyi ija inagwa, tiyi natayikira pansapato zake. Holo yonse inaseka. Spencer nayenso anaseka.

"Chabwino," anatero. "Zanga ndi zomata. Undiphunzitse."

A Gervazio ananyamula minibasi n'kuiyang'ana pafupi. Anakanda nthiti imodzi ndi chikhadabo.

"Awa ndi masipoko."

"Eya, malume." Manfred anatulutsa pulayala n'kuwayang'ana m'maso. "Yadula masipoko, chubu ndi zingwe za mabuleki. Zonse ndinagwirira ntchito."

A Gervazio anaika minibasi pansi. Anatembenukira kwa mzungu wina amene anaima pafupi, munthu wosamudziwa n'komwe, namugwira mkono.

"Mukumuona uyu? Ndi mwana wa mlongo wanga ameneyu. Wa ku Ndirande."

Mayi Ellen anachotsa magalasi. "Manfred, ndakhala ndikuphunzitsa pano zaka zambiri. Chinthu chotere sindinachionepo. Chigawo chikubwerachi ndikufuna kalasi yatsopano, yopanda mabokosi. Ine ndidzakhalapo, koma wophunzitsa ukhale iwe. Ukuti bwanji?"

Manfred anayang'ana amayi ake. Amayiwo ankapukuta m'maso ndi mkono wa yunifolomu.

"Yankha, mwanawe. Akufunsa iwe."

"Ndivomera."

Manja a ana anakwera m'mwamba. La Spencer linali loyamba.

7. Mphatso ya Mwaba

Anthu akadali kuomba m'manja, chitseko chinamenyetseka kukhoma. Analowa Mwaba, akupuma mwawefuwefu. Jekete inali itang'ambika pamsana. Mawondo anali matope okhaokha. Paphewa ananyamula mpukutu wa waya wobiriwira.

"Boyi! Nachedwa? Nakubweretsela wa chiwongolero! Wautali maningi!"

Anauponya patebulo la pafupi ndi khomo, pamwamba pa dzina la Manfred. Kenaka anaona minibasi, ndi ndodo yake ya gofu. Kumwetulira kunazima.

"Ah. Unapeza kale?"

"Mwaba," anatero Manfred motsitsa mawu. "Wamutenga kuti ameneyu?"

Mwaba anacheukira kukhomo. A Gervazio anatseka maso. A Ethel anayang'ana waya, anayang'ana mwana wawo.

"Manfred, n'chiyani chimenechi?"

Panja panaima galimoto. Zitseko ziwiri zinatsekedwa. Pakhomo panaonekera mayi wapolisi, chipewa chili m'khwapa. Pambuyo pake panali bambo wonenepa wa jekete yachikasu, mlonda wa ku Santry uja. Lero sankaseka.

Maso ake anagwera pa waya. Kenaka pa dzina lolembedwa patebulo. Kenaka pa pulayala imene inali ikadali m'manja mwa Manfred.

"Wothawayo sindinamuone nkhope," anauza wapolisiyo. "Koma uyu ndikumudziwa. Anabwera pageti kudzafunsa waya yemweyu. Ndi amene anandiuza za holo ino."

Wapolisiyo anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panaima Manfred.

"Kholo la mnyamata uyu lili muno?"

A Ethel anayang'ana mlongo wawo. Anakonza kolala ya yunifolomu, napita kutsogolo.

"Ndine," anatero.